Zilombo za Pabwalo ndi Galasi la Mchape: Mbiri ya Kuyang'anizana ndi Zobisika za Mumtima ku Mapiri a Dedza

Munthu aliyense ali ndi mbali ya moyo wake imene safuna kuiona, monga kaduka, umbombo, chilakolako chosamva kuletsa, mantha ndi mkwiyo wosungidwa nthawi yaitali, ndipo mtundu uliwonse wa anthu wakhala ukufunafuna njira yothanirana ndi mbali imeneyi isanapasule banja kapena mudzi. Ku mapiri a Dedza, kumene Achewa akhala zaka mazana ambiri, ndipo kumene Angoni ndi Ayao adawapeza m'zaka za m'ma 1800, mbiri ikuonetsa njira ziwiri zimene zakhala zikuyenda limodzi. Yoyamba ndi yotulutsa choipacho n'kuchiimika pabwalo chili ndi nkhope ya chilombo cha gule wamkulu, kuti mudzi wonse uchione ndi kudzizindikira mwa icho. Yachiwiri ndi yochisenzetsa munthu mmodzi, kumutcha mfiti, ndi kukhulupirira kuti iyeyo akachoka mudzi uyera. Njira ziwirizi zidakulira m'midzi imodzimodzi, koma yoyamba idasunga anthu pamodzi pamene yachiwiri idagawanitsa mabanja ndi kupha osalakwa, ndipo kusiyana kwake kukali ndi phunziro kwa amene akugwira ntchito yochiza maganizo lero.

Akatswiri a maganizo a munthu amaitcha mbali yobisikayi mthunzi, potsata chiphunzitso cha Carl Gustav Jung, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Switzerland amene adabadwa mu 1875 ndi kumwalira mu 1961. Jung, amene adagwirizanapo ndi Sigmund Freud wa ku Vienna mpaka pamene adasiyana mu 1913, adaphunzitsa kuti mwana akamakula amazolowera kuonetsa pagulu makhalidwe okhawo amene makolo ndi anzake amawayamikira, pamene otsalawo amawakankhira pansi pa mtima, kumene safa koma amapitiriza kutsogolera zochita zake mwiniwake asakudziwa. Adaonanso kuti chimene munthu wakana kuchivomera mwa iye yekha amayamba kuchiona mwa anzake ndi kudana nacho koopsa, mfundo imene makolo adaiika kale m'mwambi wakuti anyani amasekana zikundu. Kwa Jung, kuchira kumayamba pamene munthu wavomera kuti mthunziwo ndi wake. Komabe iye yemweyo, atakacheza kwa anthu a m'mphepete mwa phiri la Elgon ku Kenya mu 1925, adalemba za Aafirika ngati anthu otsalira m'maganizo, ndipo potero adagwa m'mbuna imene ankachenjezera ena, nchifukwa chake chiphunzitso chake chikuyenera kukambirana ndi nzeru za ku Dedza popanda kudziyesa mphunzitsi wa nzeruzo.

Umboni wakale wa nzeru zimenezi uli m'mapanga a Chongoni, dera la mapiri a miyala ndi nkhalango lokula pafupifupi masikweya kilomita 126, lomwe lili ndi malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala ndipo bungwe la UNESCO lidaliika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zojambula zofiira, zomwe ndi zakale kuposa zinazo, amati n'za Akafula kapena kuti Abatwa, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso amene adakhala kumeneku alimi asanafike, pamene zoyera, zopakidwa ndi dothi loyera pogwiritsa ntchito zala, n'za makolo a Achewa ndipo zina zidajambulidwa m'zaka za m'ma 1900 momwemu. Mwa zoyerazi, zina zimaoneka ngati nyama zotambasula miyendo zoonedwa kuchokera pamwamba ndipo n'zokhudzana ndi chinamwali cha atsikana, monga za ku Chentcherere, pamene zina zimafanana ndi zilombo za nyau, monga za ku Namzeze. Benjamin Smith, katswiri wofufuza zojambula za pamiyala, adapereka ganizo lakuti zithunzi za nyauzi zidachuluka pa nthawi imene gule ankaponderezedwa, choyamba ndi Angoni ndipo kenako ndi amishoni ndi boma la atsamunda, kotero kuti mapanga adasanduka malo ophunzitsiramo zimene sizikadathekanso kuphunzitsidwa poyera.

Gule wamkulu ndi mwambo wa gulu la nyau, lomwe amuna amalowamo mwa chinamwali chimene ambiri amachitcha kugula njira, ndipo mphamvu zochititsa guleyu zimakhala ndi mfumu yomwe ili ndi mzinda, ndiko kuti chilolezo chokhala ndi bwalo lakelake la miyambo. Malo awiri ndiwo amasunga dongosolo lonse: dambwe, lomwe limakhala kumanda kapena m'nkhalango ndipo zake n'za olowa okha, ndi bwalo, lomwe lili m'mudzi ndipo aliyense amafikapo. Zovina zimene zimachokera kudambwe zimatchedwa zilombo, ndipo mudzi umazilandira monga mizimu ya makolo ndi nyama za kutchire zimene zabwera kudzacheza ndi amoyo pa maliro, pa chinamwali ndi polonga ufumu. Matthew Schoffeleers, wansembe wa ku Netherlands amene adaphunzitsa ku Chancellor College, adalumikiza mwambowu ndi nthano ya Kaphirintiwa, phiri la ku Dzalanyama kumene Chauta, anthu ndi nyama ankakhala mwamtendere kufikira tsiku limene munthu adapeka moto n'kuyatsa tchire, nyama zina n'kuthawa zili ndi mkwiyo, Chauta n'kukwera kumwamba. Pa kamvedwe kameneka, tsiku la gule ndi tsiku limene zonse zomwe munthu adazithamangitsira kutchire zimaloledwa kubwerera m'mudzi kwa kanthawi kuti pakhale chiyanjano.

Kaphunzitsidwe ka zilombo n'kozama chifukwa zambiri mwa izo zimaphunzitsa mwambo pouswa. Kang'wingwi, wodzipaka matope ndi phulusa ndiponso wothamangitsa anthu, amaonetsa ukali wopanda malire momwe umaonekera ukamasulidwa. Mbiyazodooka, wosenza mbiya zosweka zonga zimene zimaikidwa pamanda, ambiri amamumva ngati chenjezo la banja lopasuka chifukwa cha kusadzisunga. Mbaula, wosenza moto pamutu, amakumbutsa za mtsogoleri amene amaoneka wopatsa koma mtima wake uli pa kutamandidwa ndi kudzikundikira. Ndipo ngakhale Chadzunda, tate ndi mfumu ya zilombo, amalowa m'bwalo akutsimphina ndi nkhope yamakwinya, kusonyeza kuti ulamuliro nawo umakalamba. Chofunika kuchimvetsa n'chakuti chilombo sichitchula dzina la munthu. Woledzera, wachigololo, waulesi ndi wakuba amakhala m'gulu la oonerera, amaseka pamodzi ndi anzawo, ndipo pamene akuseka amadziwa mumtima kuti chikuvinidwacho n'chawo, koma palibe wawaloza chala, kotero kuti amabwerera kunyumba ali ndi mpata wosintha popanda kutaya ulemu wawo pamaso pa mudzi.

Bwalo lidalinso malo otulutsirapo mikwingwirima imene masiku onse sinkanenedwa. M'chikhalidwe cha Achewa mtundu umatsata kuchikazi, ndipo m'ukwati wa chikamwini mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, kumene amalima munda wa eni ake ndi kubereka ana amene mwini wawo pa milandu ndi atsibweni awo. Moyo wotere unkabala madandaulo mwa amuna, monga momwe khalidwe la amuna linkabalira madandaulo mwa akazi, ndipo ofufuza angapo adaona kuti nyimbo za pabwalo, zimene zilombo zimayambitsa ndipo amayi amavomera akuwomba m'manja, zimalola mawu olaula ndi otonzana amene pamalo ena akadakhala mlandu. Ufulu umenewu udali ndi nthawi yoyambira ndi yothera, udali ndi akuluakulu ouyang'anira, ndipo ng'oma zikaleka ulemu wa pakati pa mkamwini ndi apongozi unkabwerera m'malo mwake. Pa maliro ntchito yake inkafika pozama koposa, pakuti Kasiyamaliro, chilombo chooneka ngati nyama yanyanga chimene chimalemekezedwa monga mayi wa mtundu, chimabwera kudzaperekeza mzimu wa womwalira, ndipo miyambo yotsatira, monga kumeta ndi mpalo, inkapereka kwa ofedwa nyengo yodziwika yolirira ndi tsiku lodziwika lomasukira, kuti chisoni chisakhazikike m'nyumba mpaka kalekale.

M'nyumba momwemo, chikhulupiriro cha mdulo, umene ena amautcha tsempho, chinkagwira ntchito yofanana ndi imeneyi koma mwa njira yowawa. Chikhulupirirochi chimagawa anthu m'magulu a otentha, ndiwo amene akhala malo amodzi, ndi ozizira, monga makanda, odwala ndi anamwali amene ali m'tsimba, ndipo chimati wotentha akaswa mwambo, makamaka mwa chigololo kapena mwa kuthira mchere m'ndiwo pa nthawi yoletsedwa, amadula wozizirayo, amene amayamba kutupa miyendo ndi nkhope, kutsokomola ndi kuwonda. J. W. M. van Breugel, wansembe amene adafufuza chipembedzo cha makolo a Achewa, adaonetsa kukula kwa malo amene mdulo udali nawo pa moyo wa banja. Achipatala lero amadziwa kuti zizindikiro zimenezi kawirikawiri n'za kunyentchera, kuchepa kwa magazi kapena chifuwa chachikulu, ndipo mwana wotere amafunika chipatala mwamsanga. Komabe mwambowu udagwira mfundo yoona, yakuti chinsinsi cha kholo chimalemera pa mwana ndiponso kuti mankhwala a banja amayamba ndi kuulula. Udalinso ndi nkhanza zake, chifukwa amayi ovutika pobereka ankakakamizidwa kutchula amuna amene adayenda nawo, pa nthawi imene ankafunika thandizo ndi chifundo.

Njira yachiwiri, yosenzetsa wina, idaonekera kwambiri m'milandu ya ufiti. Munthu akamwalira mosayembekezeka, abale ankapita kukaombeza ula, ndipo woganiziridwayo ankamwetsedwa mwavi, madzi a khungwa la mtengo wapoizoni, ndi chikhulupiriro chakuti wosalakwa asanza pamene mfiti ifa. Max Marwick, amene adakhala pakati pa Achewa a kum'mawa kwa dziko lomwe tsopano ndi Zambia m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 ndipo adasindikiza zotsatira zake mu 1965, adapeza kuti zonenezana zambiri zinkachitika pakati pa abale a mbumba imodzi, makamaka amene ankalimbirana ufumu, ng'ombe kapena chuma chamasiye. Izi zikusonyeza kuti mawu akuti mfiti ankanyamula kaduka ndi chidani chimene mwambo sunkalola m'bale kuchinena poyera kwa m'bale wake. Munthu amene mumtima mwake ankafunira mnzake zoipa ankapeza mpumulo pokhulupirira kuti mnzakeyo ndiye akumufunira zoipa, ndipo motero mlandu wa mumtima unkasanduka mlandu wa pabwalo umene mapeto ake adali imfa kapena kusamuka kwa gawo la mudzi.

Boma la atsamunda lidaletsa mwavi ndi kunenezana ufiti mwa lamulo la mu 1911, koma lamulolo silidachotse mantha, ndipo anthu adaona ngati boma likuteteza mfiti. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, pamene chuma cha dziko lonse chidagwa ndipo amuna ambiri adali ku migodi ndi m'minda ya azungu ku Southern Rhodesia ndi South Africa, kudabuka mchape, gulu la ochapa midzi limene lidayambira ku Mulanje n'kufalikira m'Nyasaland ndi maiko oyandikana nalo. Audrey Richards, amene adawaona akugwira ntchito pakati pa Abemba mu 1934, adafotokoza kuti ankandandalika anthu a mudzi wonse pamzere, n'kumawayang'ana m'kagalasi kamene ankati kamaonetsa mfiti, kenako n'kulamula kuti nyanga ndi zithumwa ziperekedwe ndipo aliyense amwe mankhwala ofiirira. Mchape udaposa mwavi pa chinthu chimodzi, chakuti unkamwetsa onse ndi kulonjeza kuti wovomera akhululukidwa, koma galasilo linkakhala m'dzanja la mlendo amene ankaona zoipa za ena, ndipo lonjezo lakuti choipa chitha tsiku limodzi silikadakwaniritsidwa. Nchifukwa chake magulu otere adabwerabwera, monga la Bwanali ndi Mpulumutsi cha m'ma 1947 ndi la Chikanga wa ku Rumphi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950.

Pa nthawi yomweyi gule wamkulu ankamenyera moyo wake. Angoni a Maseko, amene adakhazikika cha ku phiri la Domwe m'ma 1870 ndipo nthambi yawo ina idadzakhala ya Kachindamoto ku Mtakataka, adachititsa Achewa ambiri kuthawira m'mapiri. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed adatsegula Nkhoma mu 1896 ndi Mphunzi patapita zaka zochepa, pamene ansembe a Chikatolika a chipani cha White Fathers adafika ku Mua mu 1902 ndipo kenako ku Mtakataka ndi ku Bembeke. Mipingo yonseyi idaona nyau ngati ntchito ya Satana, ndipo m'zaka za m'ma 1920 mkangano udakula polimbirana anyamata pakati pa sukulu ndi dambwe, nkhani imene Schoffeleers ndi Ian Linden adailemba mu 1972. Anyau adayankha mwa luso lawo lomwe, pobweretsa pabwalo Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, ndi Maliya, wa dzina lochokera ku tchalitchi, kotero kuti mlendo woopsa adalandiridwa m'gulu la zilombo kumene akadatha kuonedwa, kusekedwa ndi kumvetsedwa. Mbali zonse ziwiri, komabe, zidagwa m'chizolowezi choona mdima mwa inzake yokha, ndipo mabanja ambiri a ku Dedza adagawikana pakati pa akumpingo ndi akudambwe, mpaka kukanganirana mtembo pa maliro.

Ufulu wa dziko mu 1964 udakweza ulemu wa gule, popeza Hastings Kamuzu Banda, amene adalamulira mpaka 1994, ankanyadira Uchewa wake ndipo zilombo zinkavina pa misonkhano yake. Koma nyengo imeneyi idaonetsanso ngozi imene ili mu mwambowu ukachotsedwa m'manja mwa eni mzinda. Chilombo sichiimbidwa mlandu ngati munthu, ndipo ufulu umenewu, umene pabwalo unkatumikira chilungamo, udagwiritsidwa ntchito m'madera ena poopseza anthu okana kugula makadi a chipani, kuphatikizapo a Mboni za Yehova amene adaletsedwa mu 1967. Ngakhale m'zaka zaposachedwa kwamveka madandaulo a zilombo zotchingira anthu m'njira, kulanda ndalama ndi kuthamangitsa ana a sukulu, zinthu zimene mafumu ndi bungwe la Chewa Heritage Foundation akhala akuzidzudzula. Phunziro lake n'lakuti kumasula ukali ndi chilakolako sikuchiza kanthu pakokha. Chimene chinkachiza adali malire a bwalo, kuyang'anira kwa akuluakulu ndi cholinga chobwezeretsa mwambo.

Kusintha kwakukulu kudachitikira ku Mua, malo omwewo amene adali phata la mkangano. Msonkhano waukulu wa mpingo wa Katolika wa Vatican wachiwiri, wa 1962 mpaka 1965, udalimbikitsa kulemekeza zikhalidwe za anthu, ndipo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene adafika m'Malawi mu 1967 n'kupatsidwa mfunda wa Chisale, adakhazikitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni mu 1976. Kwa zaka zambiri adayenda m'midzi kumvera akuluakulu a gule ndi kulemba nyimbo ndi matanthauzo a zilombo, ndipo nyumba yosungiramo zakale ya Chamare ili ndi nkhope za zilombo zoposa 400, pamene buku lake la When Animals Sing and Spirits Dance lidatuluka mu 2012. Ena mwa eni mwambo adadandaula kuti zoyenera kubisika zaikidwa poyera, ndipo dandaulo limeneli lili ndi maziko. Ngakhale zili choncho, ntchito ya ku Mua ndi chitsanzo cha mpingo umene udabwerera kukayang'anitsitsa chimene udachitcha mdima, n'kupezamo chiphunzitso cha makhalidwe chimene udachikana usanachimve. UNESCO idazindikira gule wamkulu wa Malawi, Zambia ndi Mozambique monga chuma cha anthu onse mu 2005.

Mwambo nawo udafunika kudziyang'ana, ndipo chitsanzo chomveka chidachokera ku Dedza komweko. Theresa Kachindamoto, amene adalongedwa ufumu mu 2003, adapeza m'dera lake atsikana aang'ono ali pabanja ndi ana m'manja, ndipo m'malo moloza umphawi wokha kapena alendo, adatchula poyera mbali ya makolo, ya mafumu aang'ono ndi ya miyambo ina ya kutsimba monga kusasa fumbi, kumene namwali amagonedwa atangotuluka m'chinamwali. Adathetsa maukwati a ana mazana ambiri, adaimitsa mafumu amene ankawaloleza, ndipo adabwezera ana kusukulu, pa nthawi imene dziko lidakhazikitsa zaka 18 monga msinkhu wolowera m'banja mwa lamulo la mu 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017. Mphamvu ya ntchito yake idagona pa mfundo yakuti adalankhula monga mwini mwambo amene akuvomera kuti chilondacho chili m'nyumba mwake.

Chithandizo cha boma pa matenda a maganizo chidayamba ndi kutsekera odwala m'chigawo cha ndende ya Zomba mu 1910, chipatala cha odwala maganizo cha ku Zomba chisanatsegulidwe mu 1953, ndipo mpaka lero akatswiri a ntchitoyi ndi ochepa poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, kotero kuti munthu wa ku Linthipe kapena Mayani akasweka mtima amayamba wafika kwa ankhoswe, kwa abusa, kwa shehe kapena kwa sing'anga. Njira yosenzetsa wina nayo sidathe, monga zidaonekera ku Neno mu 2016, pamene okalamba anayi adaphedwa powaganizira ufiti mphenzi itapha mtsikana. Anthu onse amene amalandira mavuto a mumtima a anzawo angatengepo zinthu zitatu pa mbiri ya ku Dedza: kuti zobisika zimafuna malo otetezeka okhala ndi malire kuti zinenedwe, kuti munthu amalimba mtima kuvomera cholakwa chake pamene ulemu wake wasungidwa, ndi kuti kuvomerako kumafuna mboni zimene zidzapitirize kukhala naye. Mwambo, pemphero kapena uphungu uliwonse ungayesedwe ndi funso limodzi, lakuti kodi munthu akuchokapo akudziwa chimene iye mwini ayenera kukonza, kapena akuchokapo atapatsidwa dzina la m'bale woti adane naye. Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi alangizi a zaumoyo amene adzalimbikira yankho loyambalo adzateteza okalamba ku zikwanje ndi ana ku zilonda zimene makolo awo adalephera kuzitchula.